Mayi amene anasiya mwana wake: ndikuyankha za Sibilla Aleramo

Anzanga aphunzitsi, ndi inu ana anga amene munadutsa m'manja mwanga, pepani kuti ndakhala chete kwa kanthawi. Kuchonga mayeso kunandigwira pakhosi. Lero ndabwera ndi nkhani yochokera kutali, ku Italy, ndipo ndi yakale ndithu, koma musathawe.

Mmodzi mwa ophunzira anga akale, amene tsopano ali kunja, ananditumizira buku kudzera mwa m'bale wake amene ankabwera kumudzi. Ndi nthano yaitali ya mayi wina wa ku Italy, Sibilla Aleramo, ndipo mutu wake ndi Una donna, kutanthauza kuti mkazi wina, basi. Linatuluka koyamba mu 1906. Ine ndawerenga lomasuliridwa m'Chingerezi, limene a Penguin anasindikiza mu 2020. Linanditengera mausiku atatu, ndipo nditamaliza ndinalakwitsa kukalifotokoza mu staff room nthawi ya tiyi. Nditangonena kuti pamapeto pake mayiyu akuchoka pabanja n'kusiya mwana wake wamwamuna wa zaka 6, Madamu ena amene timakhala nawo tebulo limodzi anaika kapu pansi nati: "Basi musapitirize. Mayi wosiya mwana si mayi. Ngakhale nkhuku imadziwa zimenezo." Anthu anaseka, belu linalira, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma ine sinandithere.

Ndaganiza zowayankha Madamuwo pano, poti mu staff room mwamuna akayamba kuikira kumbuyo mkazi wothawa banja amayamba kufunsidwa mafunso ena. Ganizo langa ndi lakuti pa nkhani ya mwanayo, Aleramo tikumusenzetsa mlandu wa eni ake. Ali nawo mlandu wake weniweni, ndipo ndiutchula kutsogoloku, koma si umenewu.

Dzina lake lenileni anali Rina Faccio. Anabadwa pa 14 Ogasiti 1876 ku Alessandria, kumpoto kwa Italy, ndipo ubwana wake anauthera mumzinda wa Milan. Ali ndi zaka 12, bambo ake anapatsidwa ntchito yoyang'anira fakitale ya magalasi ku Civitanova Marche, katawuni ka m'mphepete mwa nyanja ya Adriatic, banja lonse n'kusamukira komweko. Sukulu yake inathera pamenepo. Mwana wanzeru, wokonda kuwerenga, bambo ake anamutenga n'kumuika mu ofesi ya fakitaleyo kuti azilemba mabuku a ndalama. Inu aphunzitsi mukudziwa kale zimene zimachitika mtsikana wa msinkhu umenewu akachoka pakati pa anzake n'kumakhala tsiku lonse pakati pa amuna akuluakulu. Kunyumba nako kunalibe womuyang'anira. Mayi ake ankadwala matenda a maganizo. Tsiku lina anadziponya pansi kuchokera pakhonde la m'mwamba, anapulumuka, ndipo pambuyo pake anakawasiya ku chipatala cha amisala ku Macerata, kumene anakamwalira mu 1917.

Rina ali ndi zaka 15, mwamuna wina wogwira ntchito pa fakitale yomweyo anamugwiririra. Mu 1893 anakwatiwa ndi munthu yemweyo.

Musaganize kuti zinali zachilendo. Ku Italy kunali mwambo, umene unalowanso m'malamulo a dziko, wakuti mwamuna akagwiririra mtsikana kenako n'kumukwatira, mlandu wake unkafufutika. Ankautchula kuti matrimonio riparatore, ndiye kuti ukwati wokonza zimene zawonongeka. Chimene ankakonzacho chinali dzina la banja la mtsikanayo, kuti makolo athe kuyenda pamsewu mutu uli m'mwamba. Mtsikana mwiniwake ankangoperekedwa kwa womupweteka uja kuti akhale naye mpaka imfa.

Gawo limeneli la bukuli ndi limene linandisowetsa tulo, ndipo chifukwa chake si nkhanza ya mwamunayo yokha. Mfotokozankhani wake, amene ndi Rina yemweyo, akutionetsa kuti palibe amene anamukoka ndi chingwe kupita naye ku ukwati. Iye mwini, mwana amene panalibe anamuphunzitsapo kanthu za thupi lake, anangoganiza kuti poti zachitika, ndiye kuti tsopano ndi wa mwamunayo. Kenako anayamba kudzinyengerera yekha kuti mwina chimenechi ndi chimene anthu amati chikondi. Mwambo unali utalowa kale m'mutu mwake, sunafunikenso mlonda. Olemba ambiri akanaika mkango uku, mwana wa nkhosa uku, ife owerenga n'kulira bwinobwino n'kutseka buku. Aleramo analemba chinthu chovuta kuposa pamenepo, ndipo anachilemba yekha za iye mwini, nthawi imene mkazi sankayembekezeka kutchula n'komwe zoterezi.

Ndikuuzeni chifukwa chake zinandilasa. Ndili mphunzitsi wachinyamata, nditangotuluka ku koleji ndi dipuloma yanga, ndinaphunzitsa pa sukulu ina ya kumudzi imene sindiitchula. Ndinkayang'anira Fomu 2. M'kalasimo munali mtsikana amene chimangirizo chake ndinkachiwerenga mokweza kuti anzake atengerepo. Teremu yachiwiri anapezeka ndi pathupi, ndipo mwini wake anali bambo wamkulu ndithu wa golosale pa msika. Tinakhala pansi mu ofesi ya ahedi: amalume a mtsikanayo, akuluakulu a kuchimuna, ahedi, ndi ine. Nkhani inayenda bwino zedi. Bamboyo sanakane. Anagwirizana za chindapusa, anagwirizana tsiku lokatula mtsikanayo, ndipo aliyense anatuluka akupuma kuti bola wavomera. Mtsikanayo anakhala pansi pafupi ndi chitseko nthawi yonseyo, akukanda simenti ndi chala. Palibe amene anamufunsa kuti zinayamba bwanji, kaya anafuna kaya sanafune. Ine ntchito yanga inali yolemba zimene zagwirizanidwa, ndipo ndinalemba ndi zilembo zokongola. Ndondomeko yolola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka inalipo kuyambira 1993, ndipo ine ndinkaidziwa. Sindinaitchule. Ndinali wamng'ono pa onse m'chipindamo ndipo ndinkafuna kuoneka waulemu.

Choncho pamene ndinkawerenga za ukwati wokonza zowonongeka wa ku Italy, sindinafunike kufotokozeredwa. Kwathu kuno malamulo aakulu a dziko anasinthidwa mu 2017 kuti munthu wosakwana zaka 18 asalowe m'banja ngakhale makolo atavomera, koma misonkhano ngati uja ndikukhulupirira ambiri a inu mwakhalapo.

Tibwerere kwa Rina. Banja lake linali monga mungaganizire: nsanje, kumenyedwa, kutsekeredwa m'nyumba. Mu 1895 anabereka mwana wamwamuna, Walter, ndipo anamukonda ndi mtima wake wonse, zimenezi bukulo silibisa. Koma mwana sanachiritse banjalo. Inafika nthawi imene Rina anamwa mankhwala kuti afe, anamupulumutsa. Atadzuka pamenepo anayamba kulemba. Ankatumiza nkhani ku manyuzipepala ndi magazini zokhudza moyo wa amayi ndi anthu osauka, mpaka mu 1899 anamuitana ku Milan kuti akatsogolere magazini ya amayi yotchedwa L'Italia femminile. Taganizani, munthu wosiyira sukulu ku pulayimale. Koma sizinakhalitse. Mwamuna wake atapatsidwa udindo ku fakitale kuja, anabwerera ku Civitanova, ku nyumba yomwe ija.

M'bukuli muli malo amodzi amene ndikanakonda Madamu aja atawerenga, ngakhale atasiya kwina konse. Tsiku lina mfotokozankhani akusanthula mapepala akale a mayi ake, amene nthawi imeneyo n'kuti ali kale ku chipatala cha amisala, ndipo akupeza kalata imene mayiwo analemba zaka zambiri m'mbuyomo koma sanaitumize. M'kalatamo mayiwo ankafuna kuchoka pabanja. Sanachoke, chifukwa cha ana. Anapirira monga momwe timalangizira pa chinkhoswe, ndipo kupirirako kunawafikitsa kumene anafikako. Ana amene anawapiririrawo anakula opanda mayi chimodzimodzi, ndipo mmodzi wa iwo ndi uyu anagwiriridwa ali ndi zaka 15 mayi ake ali moyo koma osatha kumuona. Apa m'pamene Aleramo akufunsa funso limene bukuli linalembedwera: ngati mayi aliyense ayenera kudzikwirira wamoyo chifukwa cha mwana wake, ndipo mwanayo akakula nayenso adzikwirire chifukwa cha wake, kodi amene adzakhale ndi moyo weniweni ndani? Mungathe kukana yankho lake, koma funsolo si lachibwana.

Tsono pali chinthu chimene ife a chikamwini timachiphonya tikamamva nkhani imeneyi. Kwathu banja likatha, amene amanyamula bulangete lake n'kumapita ndi mwamuna. Ana amatsala ndi mayi, ndi a mbumba ya amalume awo. Mkazi wa kwathu akasiya ana, ndiye kuti wawasiyadi mwa kufuna kwake, n'chifukwa chake timamuweruza mouma mtima. Anzathu a kumene amapereka malowolo andimvetsa msanga, poti amadziwa amayi amene anachoka pamudzi wa mwamuna manja ali m'khosi, ana atawakaniza. Ku Italy wa nthawi ya Rina, malamulo a 1865 ankapereka mphamvu zonse pa ana kwa bambo. Kuthetsa ukwati kunalibe. Mkazi wokwatiwa sankatha ngakhale kugulitsa katundu wake popanda chilolezo cha mwamuna, ndipo lamulo limeneli linachotsedwa mu 1919. Rina anapempha kuti apatukane, atenge mwana. Mwamuna anakana, ndipo lamulo linali kumbali yake. Njira zimene zinatsala zinali ziwiri: kukhala mpaka atatha ngati mayi ake, kapena kuchoka yekha. Mu Febuluwale 1902 ananyamuka kupita ku Rome. Anayesa kumenyera mwanayo kudzera kwa maloya koma sizinatheke, ndipo anadzaonananso patapita zaka pafupifupi 30, mwana uja ali bambo wamkulu.

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ife amene sitinamve m'mimbamo timafulumira kufunsa kuti mayiyu anatha bwanji kusiya mwana. Mu staff room muja palibe ndi mmodzi yemwe, ngakhale ine, amene anafunsa kuti nanga dziko linatha bwanji kupereka mwana kwa munthu amene anagwiririra mayi ake, n'kumawamenya, lamulo n'kumutchula kuti mutu wa banja. Mwamunayo anatsala ndi nyumba, ntchito, mwana ndi ulemu wa m'tawuni. Mlandu umene ndikuti ndi wa eni ake ndi umenewu.

Sindikufuna kuwanamiza Madamuwo kuti mfundo yawo ilibe mphamvu. Ili nayo. Walter sanalembe malamulo a 1865. Anali mwana wa zaka 6 amene anadzuka tsiku lina mayi ake kulibe, n'kutsala m'manja mwa bambo yemwe uja amene mayi ake ankamuthawa. Ubale wa awiriwa sunabwererenso mwakale. Aleramo analemba bukuli ngati kalata yaitali yoti mwanayo adzawerenge akadzakula, adzamvetse, koma mwana wa zaka 6 safuna buku, amafuna mayi ake. Zimenezi ndikuzivomera zonse. Palinso china chimene ndiyenera kuulula, poti mukadzachipeza nokha mudzati ndinabisa. M'bukuli mayiyu akuchoka chifukwa cha ulemu wake wokha, kulibe mwamuna wina. M'moyo weniweni analipo, mlakatuli wina dzina lake Felice Damiani. Giovanni Cena, mlembi amene Aleramo anakhala naye ku Rome, anamulangiza kuti nkhani imeneyo aichotse, ndipo anaichotsa. Iye mwini anadzaiulula mu 1919 m'buku lina lotchedwa Il passaggio. Cena ankawadziwa anthu ake: mkazi wochoka chifukwa chomenyedwa akanamumvera chisoni pang'ono, koma wochoka ali ndi chibwenzi bwenzi atatseka buku pa tsamba loyamba. Kwa ine chibwenzicho sichisintha mlandu. Mkazi wokwatiwa ndi womugwiririra akadzakonda munthu wina ali ndi zaka 25, ine mwala sinditola. Koma n'zoona kuti bukulo analiyeretsa, ndipo amene amaphunzitsa mabuku a mbiri ya mlembi mwini apezapo chitsanzo chabwino chochenjezera ophunzira kuti "ine" wa m'buku si nthawi zonse amakhala "ine" wa pamsewu.

Pa za kalembedwe ndinene chimodzi chokha, chimene aphunzitsi a nchezedzera ndi zolembedwa achikonde. M'buku lonseli mulibe mpangankhani amene ali ndi dzina. Muli bambo, mayi, mwamuna wanga, mwana wanga, dokotala, apongozi. Ngakhale mfotokozankhani alibe dzina, n'chifukwa chake mutu wake uli mkazi wina. Poyamba zinkandisokoneza, kenako ndinaona kuti ine mwini ndayamba kuikamo mayina a anthu amene ndikuwadziwa. Mwina n'chifukwa chake bukuli linamasuliridwa msanga m'zinenero zingapo. M'Chingerezi linatuluka mu 1908, patangopita zaka 2. Ambiri amalifanizira ndi sewero la Henrik Ibsen la 1879, A Doll's House, m'mene mkazi amatulukanso m'nyumba n'kusiya ana. Kusiyana kwake n'kwakuti Ibsen anali mwamuna wopeka nkhani, akamaliza ankapita kukagona kwake. Aleramo chitseko anachitsekadi, ndipo anakhala kunja kwake zaka 58.

Kodi ufulu umenewu anaugwiritsa ntchito yanji? Apa ndi pamene ine monga mphunzitsi ndinamukondera, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti mbali imeneyi siitchulidwa kawirikawiri. Kunja kwa mzinda wa Rome kunali chigwa chachikulu chotchedwa Agro Romano, minda ya anthu olemera, yodzaza ndi madambo ndi udzudzu. Anthu olima m'mindamo ankachokera kumapiri, amabwera nyengo ya ntchito ndi mabanja awo n'kumagona m'zisakasa za udzu, monga momwe matenanti a m'maesiteti a fodya timawadziwira. Malungo ankawapha, ndipo pafupifupi onse sankadziwa kulemba ndi kuwerenga. Inde, malungo omwewa. Italy anadzalengezedwa kuti wathana nawo mu 1970. Kuyambira cha m'ma 1904, Aleramo, Cena, dokotala wodziwika pa za malungo Angelo Celli ndi mkazi wake Anna Celli, pamodzi ndi anzawo ena, anayambitsa sukulu za anthu amenewa. Zinkachitika madzulo ndi masiku opuma, m'zisakasa kapena paliponse pamene papezeka denga, ana ndi akulu omwe, ngati sukulu za kwacha. Eni minda ambiri sanazikonde, ndipo chifukwa chake simufunika kuuzidwa: wantchito wodziwa kuwerenga amayamba kuyang'ana zimene kapitawo walemba m'kaundula. Aleramo anathandizanso pa kachipatala ka ana osauka ku Testaccio mumzinda wa Rome. Mayi amene anamulanda mwana mmodzi anakhala zaka zingapo akupondaponda matope kupita kwa ana a anthu ena. Sindikunena kuti izi zimalipira zimene Walter anataya. Ndikungonena kuti munthu wopanda mtima wa umayi, amene Madamu aja anamuika pansi pa nkhuku, sachita zimenezi.

Mu 1910 anasiyana ndi Cena, ndipo zaka zotsatira mbiri yake imadzaza ndi mayina a amuna, ambiri a iwo alakatuli ndi ojambula: Vincenzo Cardarelli, Giovanni Papini, Umberto Boccioni, Salvatore Quasimodo amene anadzalandira mphoto ya Nobel mu 1959. Chikondi chotchuka kwambiri chinali cha iye ndi mlakatuli Dino Campana, mu 1916 ndi 1917, chodzaza ndi makalata ndi ndewu. Campana anakathera ku chipatala cha amisala kumene anamwalira mu 1932, ndipo mu 2002 anapanga filimu ya nkhani yawo. Pa izi sindichedwapo. Ndangoona kuti olemba mbiri ya Aleramo amakonda kuwerengera amunawa ngati akuwerenga mbuzi, pamene mbiri ya aliyense wa amunawo imayamba ndi mabuku ake. Iye analembanso ndakatulo zambiri. Buku lake la ndakatulo lotchedwa Selva d'amore linapata mphoto ya Viareggio mu 1948, imodzi mwa mphoto zikuluzikulu za olemba ku Italy. Komabe dzina lake laima pa buku loyamba lija, ndipo ndikuganiza kuti n'zoyenera. Mabuku apambuyo pake amazungulira kwambiri pa mtima wake ndi zibwenzi zake, pamene loyambalo, ngakhale likunena za iye yemweyo, muli malo okwana amayi ena ambirimbiri.

Tsopano mlandu umene ndinalonjeza. Mu 1925, Benito Mussolini atayamba kupondereza dziko, Aleramo anasaina nawo chikalata cha anthu ophunzira otsutsa ulamuliro wa chifasisti, chimene anatsogolera Benedetto Croce. Chaka chomwecho anamangidwako kwa kanthawi kochepa chifukwa ankadziwana ndi Tito Zaniboni, amene anakonza zofuna kupha Mussolini. Mpaka apa n'kuwomba m'manja. Koma umphawi utamukhaulitsa, mayi yemweyu anapita kukaonana ndi Mussolini kukapempha thandizo, boma lija linayamba kumupatsa ndalama mwezi ndi mwezi, ndipo mu 1933 analowa bungwe la amayi aluso ndi ophunzira la chipanicho. Ulamuliro umenewu ndi umene unkaphunzitsa kuti ntchito ya mkazi ndi kuberekera dziko asilikali, ndipo m'malamulo ake a 1930 unasungamo ukwati wokonza zowonongeka uja. Mkazi amene anataya mwana pokana kugonjera mwamuna mmodzi anakagwada kwa mwamuna amene ankagonjetsa amayi a dziko lonse.

Apa sindimuikira kumbuyo. Ndikudziwa kuti njala ndi njala, ndipo mkazi wa zaka zoposa 50, wopanda digiri, wopanda penshoni, wokhala m'kachipinda ka pansi pa denga mumzinda wa Rome, analibe zambiri zoti asankhe. Ndikudziwanso kuti ife amene tinabadwa nthawi ya chipani chimodzi tilibe pakamwa pokwezera mawu, poti tikudziwa kuti pamene Jack Mapanje anali ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991, anthu ambiri abwinobwino ankagula makadi ndi kuvina kuti ana awo adye. Koma pa nkhani ya mwana, Aleramo lamulo linamutsekera njira zonse kupatula ziwiri zoipa. Pa nkhani ya Mussolini njira ina inalipo, yowawa, ndipo ena anaiyenda: ena anathawa m'dziko, ena anafera m'ndende, ena anangokhala chete ndi umphawi wawo. Iye anasankha ndalama. Nkhondo itatha, mu 1946, analowa chipani cha Chikomyunizimu, n'kumalemba mu nyuzipepala yawo ya L'Unità ndi kumayenda kuwerengera anthu apantchito ndakatulo zake. Ndikhulupirira kuti anachita izi ndi mtima woona, poti zikugwirizana ndi Aleramo wa ku zisakasa uja. Komabe ife tawaona anthu osintha nsalu ya chipani boma likasintha, ndiye ndikamawerenga gawo limeneli nsidze imakwera yokha. Chimene chimandidabwitsa n'chakuti ndikafotokozera anthu mbiri yonseyi, za Mussolini amangoti ndi mmene moyo ulili, koma za mwana amakwiya.

Aleramo anamwalira ku Rome pa 13 Januwale 1960 ali ndi zaka 83. Tamvani tsono kuchedwa kwa malamulo. Pa tsiku limene ankamwalira, amayi a ku Italy anali atayamba kuvota mu 1946, koma ukwati unali usanaloledwe kutha, bambo anali akadali mwini ana, ndipo wogwiririra ankathabe kufufuta mlandu wake ndi mphete. Mu Disembala 1965 mtsikana wa zaka 17 wa ku Alcamo pa chilumba cha Sicily, Franca Viola, anabedwa ndi kugwiriridwa ndi mnyamata amene ankafuna kumukwatira mokakamiza. Iye anakana ukwatiwo, bambo ake anaima naye ngakhale anthu ankawaopseza, ndipo mnyamatayo anamangidwa. Dziko lonse linagwedezeka, komabe lamulolo linakhalapo zaka zina 15. Lamulo lolola kuthetsa ukwati linabwera mu 1970, ndipo mu 1974 anthu anavota pa referendamu kuti likhalebe. Mu 1975 mayi ndi bambo anapatsidwa mphamvu zofanana pa ana. Ukwati wokonza zowonongeka unachotsedwa mu 1981, patapita zaka 75 chitulukire buku lija. Ndipo mpaka 1996, malamulo a Italy ankaika kugwiririra m'gulu la milandu yolakwira chikhalidwe cha anthu, osati yolakwira munthu wogwiriridwayo.

Sindinganene kuti buku limodzi ndi limene linasintha malamulo amenewa. Anasintha chifukwa cha amayi ambirimbiri amene anayenda m'misewu, ndi atsikana ngati Franca Viola, ndi abambo ngati bambo ake. Koma amayi a m'zaka za m'ma 1970 aja atayamba kufufuza amene anawatsogolera, anapeza kuti bukuli linali litanena kale zonse, ndipo analitenga ngati lawo. Mabuku ake a tsiku ndi tsiku, amene ankalemba m'zaka zake zomaliza, anasindikizidwa mu 1978 ndi 1979. Zimene buku lingachite ndi zimene linandichita ine: kutenga chinthu chimene mudzi wonse ukuchitcha kukonza n'kuchionetsa kuchokera pamene mtsikana wakhala, pansi, pafupi ndi chitseko.

Mtsikana wanga wa Fomu 2 uja sanabwerere kusukulu. Ndinakumana naye patapita zaka zambiri pa depoti ya basi, akugulitsa nthochi, mwana kumbuyo, wina wamkulupo akumuthandiza kuwerenga chenji. Anandizindikira ndi iye, anagwada pang'ono nati, "Aphunzitsi, muli bwanji?" Anandiuza kuti bambo wa golosale uja anamusiya kalekale. Anandipatsa phava la nthochi, ndipo nditatulutsa ndalama anakana.

Bukuli pano lili kwa Madamu aja. Ndinaliika pa tebulo pawo osanena kanthu, ndipo linakhala pamenepo masiku 4 pansi pa makope a Fomu 3. Tsiku lachisanu ndinaona kuti lalowa m'chikwama. Lolemba lapitali anandiuza kuti afika pa kalata ya mayi ija, ndipo akuti maganizo awo sanasinthe, koma ndisawafunse bukulo msanga poti akufuna mchemwali wawo aliwerengenso. Amene mukulifuna mudikire, ndi limodzi lomweli.